Fisi wa a Damiyano

Uthenga unatipeza kumunda tikuzula mtedza. Foni ya mwamuna wanga inalira, iye anamvetsera pang'ono, kenako anangoti a Damiyano atisiya, maliro ndi mawa kwawo, kuseri kwa Kabudula. Kuchokera kumudzi kwathu kuno kufupi ndi Nambuma tinanyamuka anthu ochepa: ine, mayi anga, ndi atsibweni anga a Lubeni, aliyense pa kabaza wake.

Itafika nthawi yonena mbiri ya malemu, mphwawo wa a Damiyano anaimirira. Anatchula dzina, mpingo ndi matenda amene anawatenga, mawu n'kumuthera pomwepo. Anapepesa kuti iwo malemuwa anawalandira atakalamba kale, moyo wawo wonse unathera kuchikamwini, ndiye akuchikamwiniwo ndi amene angafotokoze bwino. Maso onse anatembenukira kwa ife. Atsibweni anaimirira, chipewa chili m'manja, n'kuyang'ana bokosi kwa nthawi yaitali. Anangoti, "Anali munthu wabwino. Matabwa ankawadziwa." Atatero anakhala pansi. Ine ndinadzifunda chitenje kumutu ngati wolira, koma kwenikweni ndinkabisa nkhope. Manyazi otero sindinawamvepo chibadwire.

Mbiri imene inakanika pamaliro ija ndi imene ndikulemba pano.

A Damiyano anali amuna a mayi anga aakulu. Analowa m'mudzi mwathu ine ndisanabadwe, atanyamula sowo, nyundo ndi bulangeti, ndipo anakhala mpaka imvi zinadzaza mutu. Ana awo onse anamwalira ali aang'ono. Ntchito yawo inali kukhoma ngolo, ndipo ngolo zambiri zimene zinkanyamula fodya kuchoka kuno kupita ku Nsaru zinali zochoka m'manja mwawo. Anali munthu wowonda, wa mawu apansipansi, pensulo ili kukhutu ngakhale pa Misa.

Chinthu chopendekeka chinkawasowetsa mtendere. Benchi likamagwedera m'tchalitchi, ulaliki wonse unkawapita, mpaka atagwada n'kuika kachidutswa ka thabwa pansi pa mwendo wake. Ankaimitsa anyamata a ngolo pamsewu, anthu osawadziwa n'komwe, n'kuwauza kuti asunthe matumba chifukwa ng'ombe ya kumanzere ikukoka yokha. Ena ankathokoza, ena ankatukwana. Iwo zonsezo sizinkawakhudza bola matumbawo asunthe.

Bawo ankaidziwa, koma ankaipeputsa poyera. Ankati amene anaipanga sanatuluke thukuta, chifukwa mbali zonse ziwiri anazipatsa zofanana, maenje omwewo ndi nkhomo zomwezo. Kwa iwo luso lenileni linali kutenga zinthu ziwiri zosiyana, china cha mano china chopanda mano, n'kuzikonza mpaka osewera onse awiri akhale ndi mantha ofanana. Tsiku lina la msika ku Nsaru anakanena zimenezi pakati pa akatswiri a bawo, ndipo anabwerako malaya atathothoka batani. Mayi aakulu anawasokera batanilo akuseka, n'kuwauza kuti nkhalamba zinzawo zimamenyedwera akazi, iwo okha ndi amene amamenyedwera maenje.

Masewera awoawo anawatcha khola. Anatenga thabwa lalikulu n'kulitentha mizere ndi msomali wamoto, mizere yoyenda uku ndi uku yokumana ngati ukonde. Wosewera mmodzi ankatenga fisi, kamtengo kosemedwa ka msana wotsetsereka. Winayo ankatenga mbuzi, zomwe zinali zitsekerero za mabotolo. Fisi ankadya mbuzi poidumpha ngati kuseri kwake kuli malo. Mbuzi sizinkadya kanthu, ntchito yake inali kumuzinga fisiyo mpaka asowe poponda. Akazingidwa, wa mbuzi wawina. Mbuzi zikachepa moti sizingazingenso, wa fisi wawina.

Thabwalo linali loti likhale chitseko cha khitchini ya mayi aakulu. Khitchiniyo inakhala zaka yotchinga ndi chiguduli, ndipo nkhani imeneyi sinkazizira. Ndimawakumbukira mayi aakuluwo ataima pakhomo, chikho chili m'manja.

"Kodi inu, mbuzi zenizeni zikunyambita miphika m'khitchini muno, inu muli kalikiliki ndi mbuzi za zitsekerero?"

"Ndikhoma mawa, mayi."

"Mawa lake lomwe lija, eti?"

A Damiyano anakangananso ndi akatekisti, amene ankati Mkhristu sangamasunge chifanizo cha fisi pakhonde pomwe aliyense akudziwa amene amayenda pa afisi. A Damiyano anamvetsera mwaulemu, n'kuwapempha kuti angoyesako kamodzi, atenge mbuzi kuti amugonjetse woipayo. Akatekisti analuza, napempha kubwereza, ndipo tsikulo anachedwa ku kalasi ya ana a ukaristiya.

Khola silinakhwime tsiku limodzi. Poyamba fisi ankangomaliza mbuzi zonse, ndiye anaika tonde, yemwe anali nati wamkulu womangira gudumu la ngolo, amene fisi sangamudumphe. Zitatero mbuzi zinayamba kuwina mosavuta, ndiye anamulola fisi kuyenda chopingasa. Kenako anabweretsa galu, batire lakutha la wailesi, woyenda mapazi awiri, ndipo mbuzi yoima pafupi naye sinkadyedwa. Pobweza, fisi anapatsidwa phanga pakona pomwe sangazingidwe, koma osagonamo, kulowa ndi kutuluka. Sankapatsa mbali ina mphamvu osaipatsa inzake chodzitetezera. Lamulo latsopano lililonse ankaliyesa nyengo yathunthu asanalivomereze, ndipo ambiri ankawataya.

Kuwerenga kuti wawina kangati ndani sankakukhulupirira. Ankayang'ana manja a anthu. Akaika thabwa pakati pa anthu awiri, onse n'kuthamangira fisi, ankadziwa kuti fisi wanenepa. Onse akathamangira mbuzi, ndiye kuti fisi waonda. Ankati masewera apsa pokhapokha ukamuuza mnzako kuti asankhe mbali, iwe mtima osagunda kuti akutengera yabwino. Zimenezi zinatheka ine nditakwatiwa kale. Anthu ankafika pathabwa paja n'kumakankhirana ulemu, uyu sankhani, uyo ayi sankhani ndinu, ndipo a Damiyano ankamwetulira chamumtima akupala thabwa lina chapatali.

Mnzawo wa tsiku ndi tsiku anali atsibweni a Lubeni, mlamu wawo, mlongo wa mayi aakulu ndi mayi anga, amenenso ndi mwini mbumba yathu. Anthu awiriwa ankasiyana pa chilichonse. Atsibweni ndi munthu wa thupi, wa mawu omveka kutsidya kwa dambo, ndipo kuluza amadana nako ngati mankhwala owawa. Iwo okha ndi amene sankasintha mbali. Ankatenga fisi basi, a Damiyano mbuzi. Dzuwa likapendeka ankakumana pakhonde, ndipo phokoso lake tinkalimva tili kumjigo.

"Alamu, galu wanuyu ndi wakuba. Muchotseni."

"Galu ali bwino, alamu. Mwangolowa pakati msanga."

"Ndiye fisi wanga mumupatse mapiko."

"Ndikamupatsa mapiko, mbuzi ndizipatsa legeni."

Ankawinana mosinthanasinthana, lero uyu mawa uyo, ndipo palibe amene ankatha kuneneratu. Atsibweni akaluza ankanyamuka akulumbira kuti sadzapondanso pakhomopo. Mawa lake ankafika iwo oyamba.

Mayi aakulu anadwala nthawi yochepa n'kumwalira mvula itangoyamba. Titameta, nkhani inayamba kuyenda chapansipansi pakati pa ife azimayi a mbumba. Mkamwini mkazi wake akamwalira amasudzulidwa n'kubwerera kwawo, mwambo ndi umenewo. Koma aliyense akudziwanso kuti nkhalamba yakhalidwe, yoti yaika maliro a m'mudzimo ndi kukhoma mabokosi ake, kawirikawiri imauzidwa kuti ikhale, idzafere pompo. Zikanatheka kutero. Chimene chinalemera ndi dimba la kudambo ndi munda waukulu umene a Damiyano ankalima ndi mayi aakulu. Ana a mbumba tachuluka, malo sakukula, ndipo iwo analibe mwana woti awayankhulire. Ankhoswe awo anamwalira kalekale. Azimayi anagwirizana kuti tikakolola apite, n'kuwatuma atsibweni kuti akanene, poti ndiwo mwini mbumba komanso mnzawo.

Atsibweni anavomera, koma pakamwa panakana. Tsiku lililonse ankanyamuka atatsimikiza kuti lero akanena. Akafika ankapeza thabwa layalidwa kale, fisi akuwadikira pamalo pake, a Damiyano akuwakokera mpando. Ankakhala pansi n'kuyamba kusewera. Ndipo poti mtima unkawatsutsa, anayamba kuluza dala. Ankamuyendetsa fisi molowera pakona, mbuzi yoti adye n'kuisiya ngati sanaione. Ndikuganiza kuti ankaona ngati akumupatsa mlamu wawo kanthu kena asanamulande zonse.

A Damiyano sanaganizeko zoti munthu angaluze dala. Kwa iwo chimenecho chinali chosatheka, makamaka kwa a Lubeni. Ataona kuti mbuzi zikungowina tsiku ndi tsiku, anaganiza kuti vuto lili m'masewera awo, kuti pali mng'alu umene unabisala zaka zonsezi ndipo tsopano waonekera. Zinawadya kwambiri. Ine ndinkawapititsira chakudya masiku amenewo, ndipo ndinkawapeza atagwira chibwano, maso ali pathabwa.

"Mwanawe, fisi wanga waonda," anandiuza tsiku lina. "Sindikudziwa kuti walowera pati, koma waonda."

Ndinati mwina atsibweni angotopa ndi maliro. Anapukusa mutu n'kunena kuti munthu wotopa amaluza lero, mawa n'kuwina.

Ndiye anayamba kumunenepetsa fisiyo. Poyamba anadula phazi limodzi la galu kuti aziyenda ngati mbuzi wamba. Atsibweni analuzabe. Kenako anamulola fisi kudumpha mbuzi zingapo motsatizana. Analuzabe. A Damiyano anaitana mwamuna wanga kuti ayese iye, mwina mutu wina uona china. Mwamuna wanga, yemwe naye ndi mkamwini ndipo ankadziwa kuti gawo la dimba lija likubwera kwathu, anatenga fisi n'kuluza mwaulemu wonse. Anabwera kunyumba osafuna kudya. Anyamata a m'mudzi ankaima chapatali kuonerera malamulo atsopanowo, ndipo akuluakulu anayamba kulambalala njira ya pakhomopo. Mudzi wonse unkadziwa chimene chinkachitika. Wosadziwa anali mmodzi, amene ankakhala pakhonde kuphwasula ndi manja ake ntchito imene anaimanga moyo wake wonse, pofuna kuti mlamu wake asamachoke wokhumudwa.

Ndimati ndikakumbukira nyengo imeneyo, chimene chimandiwawa kwambiri ndi ulemu umene tinkawapatsa. Moni wathu unachuluka, ndiwo tinkawapatulira zabwino, ana tinkawakalipira akachita phokoso pafupi ndi nyumba yawo. Tinkawasamala ngati wodwala amene achibale auzidwa kale za kuchipatala.

Chimanga chitayamba kukhwima anamupatsa fisi mphamvu yomaliza: aziyenda kawiri mbuzi zikayenda kamodzi, ndipo tonde naye azidyedwa. Madzulo amenewo atsibweni anavutika kwambiri kuti aluze, koma anakwanitsa.

M'mawa mwake ndinapita ndi maungu ophika ndipo ndinaona chimene sindinachionepo. A Damiyano ankasewera okha. Kusewera wekha ankakukana kuyambira kale, ankati mutu umodzi sungadzibisire nzeru. Koma tsikulo ankasuntha mbuzi, n'kunyamuka, kuzungulira thabwa, kukhala pampando wa atsibweni, n'kusuntha fisi. Sipanatenge nthawi, zitsekerero zonse zinali pansi. Anaziyalanso, zinathanso chimodzimodzi. Anandiyang'ana, ndipo ndinadziwa kuti azindikira. Anangoti ndiike maunguwo pamthunzi.

Dzuwa litapendeka atsibweni anafika monga mwa masiku onse. Ine ndi mayi tinali pafupi, tikutola nkhuni kuseri kwa nkhokwe, ndipo tinamva zonse. Thabwa linali loyalidwa, koma a Damiyano sanagwire mbuzi.

"Alamu, fisi uyu ngakhale mutamupatsa munthu wosaona angawine naye. Inu mwakhala mukuluza naye bwanji?"

"Ukalamba, alamu. Maso."

"Maso anu ali bwino. Dzulo munaiona mbuzi yoti mudye, munatambasula dzanja, kenako munalibweza." A Damiyano anawayang'ana m'maso. "Kodi ndi liti?"

"Chiyani?"

"Tsiku londiperekeza."

Atsibweni anayang'ana pansi. Mawu awo aakulu aja anatuluka ang'onoang'ono. "Akuti tikakolola."

"Akuti ndani?"

"Mbumba."

"Nanga inu mukuti chiyani?"

Mayi anga anaika nkhuni pansi pang'onopang'ono kuti zisamveke.

"Mwambo ndikuudziwa," anatero a Damiyano. "Ndaperekezapo anzanga ambiri pa ngolo zanga zomwe. Mukanandiuza tsiku lometa lija, ndikanadandaula, koma ndikanamanga katundu ngati munthu wamkulu. Tsono inu mwandisandutsa mwana womusiyira masewera kuti asalire. Ndipo mwandionerera ndikuwononga chinthu chimene chinalibe vuto."

Sanakweze mawu. Anatola batire lija n'kulibwezera pamalo pake, natchula malamulo akale limodzilimodzi, galu mapazi awiri, tonde osadyedwa, fisi kudumpha kamodzi ndi kuyenda kamodzi. Kenako anapempha chinthu chimodzi, kuti asewere komaliza, koma zenizeni.

Anasewera mpaka mithunzi inatalika. Atsibweni ankapukuta nkhope ndi chipewa, sindikudziwa ngati linali thukuta lokha. Kawiri konse fisi anatsala pang'ono kuzingidwa n'kupulumukira kuphanga. Pomaliza anadumpha mbuzi imene inasiya khola lotseguka, ndipo atsibweni anawina movutikira. Nkhope ya a Damiyano inamasuka kwa nthawi yoyamba chimwalirire mayi aakulu.

"Mwaona," anatero. "Analibe vuto."

Sanadikire kukolola. Patangopita masiku ochepa anakweza bokosi la zipangizo, mphasa ndi bulangeti pa ngolo imene anakhoma okha, mwamuna wanga n'kuwaperekeza. Azimayi tinaima m'mbali mwa njira, aliyense akuyang'ana mapazi ake. Mayi anga anayesa kunena kuti adikire chimanga chawo, iwo anayankha mwaulemu kuti chidzadyedwa ndi ana. Thabwa analisiya pakhonde. Atsibweni atawakumbutsa, a Damiyano anati masewera a anthu awiri alibe ntchito kumene akupitako. Ngolo isananyamuke anatsikanso n'kusuntha bokosi lija kuti likhale pakati.

Kwawoko anakhala zaka zochepa m'kanyumba ka kuseri kwa mphwawo. Pamaliro paja ndinafunsa mayi wina ngati malemu ankasewerako masewera ena alionse. Anadabwa, nati ankangowaona akukonza mipando ya anthu popanda wowatuma. Ife sitinapiteko kukawaona ngakhale kamodzi. Chaka chilichonse tinkati tikakolola.

Thabwa lija anyamata analitengera ku golosale ya pamphambano, ndipo khola likuseweredwa mpaka lero. Koma malamulo amene anawagwira ndi a nyengo yomaliza ija, a fisi wonenepa, chifukwa ndi amene anawaonerera ali pafupi. Amakanganirana fisi asanayambe, ndipo amene wapatsidwa mbuzi amayamba ndi kudandaula. Ndinamumva wina akunena kuti mdala amene anapanga masewerawa mutu sunkagwira, chifukwa mbali imodzi ndiyo imangowina. Ndinaima ndi botolo langa la mafuta, ndikufuna kumuyankha, koma kuti ndimutsutse ndinayenera kufotokoza chimene chinamunenepetsa fisiyo. Munthu amene amawadziwa bwino malamulo akale ndi atsibweni okha, ndipo iwo ku golosaleko sapitako.

Nyumba ya a Damiyano ikadalipo. Pakhonde dothi linakumbika malo awiri moyang'anana, pomwe zidendene za anthu awiri zinkaponda zaka zonse zija, ndipo mvula ikawomba chammbali mumaima madzi, nkhuku n'kumamwa. Pansi pa mtengo pomwe ankapalira matabwa pamera chisoso. Khitchini inagwa chaka chatha. Palibe amene anafuna kugona m'nyumbamo, ndiye tinaisandutsa mosungira zokolola. Muli matumba a chimanga cha m'munda uja, chimene chimabereka bwino ndithu, ndipo kiyi wake amasunga ndine.